Mawu a lero: Kampanda ka pa denga ndi moto wa m'komboni

Lero nkhani yatalika pang'ono. Ndipempha muwerenge mpaka pansi, chifukwa ikhudza nyumba imene mwagonamo usiku wathawu ndi ana amene mwawasiya m'menemo.

Tsegulani Deuteronomo chaputala 22, vesi 8. Ndi vesi lalifupi, ndipo ambiri timalidumpha poti likamba za kamangidwe. Ku Israyeli madenga anali athyathyathya. Anthu anali kukwera pamwamba kukayanika zinthu, kukacheza madzulo, ngakhale kukagona nthawi yotentha. Tsono lamulo linauza womanga nyumba aliyense kuti azungulize denga lake ndi kampanda, kuopa kuti wina angagwe n'kufa, mlandu wa imfayo n'kutsala pakhomopo.

Taganizani bwino. Mwini nyumba sanamukankhe munthuyo. Mwina tsikulo sanali n'komwe pakhomo. Koma Mulungu amuwerengera mlandu, chifukwa anadziwa kuti denga lopanda mpanda lingaphe munthu, n'kulisiya choncho. Pa Eksodo 22, vesi 6, pali lamulo lina lofanana nalo: amene wayatsa moto, motowo n'kuthawa kukatentha mbewu za mnzake, ayenera kulipira. Zoti anachita dala kapena ayi, vesilo silifunsa.

Kuno ku Kanyama, ku Chawama, ku George, ku Matero, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga sitikwera pa malata kukacheza. Ngozi imene ikhala nafe m'nyumba tsiku ndi tsiku ndi moto. Ndiye funso la m'mawa uno ndi ili: kampanda kathu ka moto tinamanga kapena sitinamange?

Nyumba ikapsa m'komboni, mawu amene timakamba mumawadziwa. Wina ati, "Ni chifuniro cha Mulungu." Wina ati, "Pali munthu apa, si moto chabe uyu." Ndipo tonse pamodzi timati, "Ba Fire Brigade babwela mochedwa, futi benze balibe manzi." Mawu atatu onsewa amagwira ntchito imodzi. Amachotsa mlandu pakhomo pathu n'kuutumiza kwina: kumwamba, kwa mfiti, kapena ku Civic Centre. Ine maganizo anga ndi akuti nkhani ya moto wambiri wa m'makomboni imakhala itatha kale motoka yofiira isananyamuke, ndipo amene timaigamula ndife. Timaigamula ndi mmene tamangira, mmene talumikizira mawaya, ndi mmene takhomera chitseko. Mkhristu amene apempha chitetezo usiku, kwinaku kandulo ikuyaka pafupi ndi katani, akumuyesa Mulungu. Ambuye Yesu anakana zimenezo pamene woyesa uja anawauza kuti adzigwetse kuchokera pamwamba pa Kachisi.

Ndiyambe ndi boma, kuti wina asanene kuti ba Reader akuikira kumbuyo akuluakulu.

Ife a pa maketi sitidzaiwala pa 4 July 2017. Linali tsiku la holide, Unity Day, ndipo m'bandakucha City Market inapsa. Malo ogulitsirapo opitirira 1,000 anasanduka phulusa. Anthu amene anakongola ndalama kuti aode katundu anauka ndi ngongole yokha. Boma linanena kuti pali anthu amene anachita dala, ndipo tsiku lotsatira Pulezidenti Edgar Lungu anagwiritsa ntchito Article 31 ya malamulo a dziko, apolisi n'kupatsidwa mphamvu zowonjezera. Pasanathe miyezi yambiri, Kapalala Market ku Ndola nayonso inapsa.

Chaka chomwecho tinamva za motoka zozimitsa moto 42 zimene boma linagula pa madola 42 miliyoni, kutanthauza miliyoni imodzi pa motoka iliyonse. Dziko lonse linafunsa kuti mtengo umenewu wachokera kuti. Pa 29 September 2017, Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo anakaima kunja kwa Nyumba ya Malamulo kutsutsa, anamangidwa, ndipo khoti linadzawamasula mu December 2018. Funso lawo linali loyenera, ndipo nzika iliyonse ili ndi ufulu wofunsa mmene ndalama za msonkho zayendera. Amalonda amene ali ndi mashopu amalipira fire certificate ku kanso, ife tonse timalipira levy ya pa maketi. Sitikupempha chifundo tikati tifuna ozimitsa moto okhala ndi zida, mafuta ndi madzi. Ndi ngongole imene kanso ili nayo kwa ife.

Koma tiyerekeze kuti motoka 42 zonse zija anazisiya mu Lusaka muno, zatsopano, zodzaza madzi. Kodi zingati zikanafika pakhomo panu? Apa m'pamene ndifuna timvetsane mmene ntchito yozimitsa moto imayendera.

Fire Brigade ya Lusaka ili pansi pa Lusaka City Council, ndipo siteshoni yake yaikulu ili pa Church Road m'tauni. Nambala ya moto ndi 993. Ya apolisi ndi 991, ya ambulansi ndi 992. Isungeni mu foni lero, ndipo ana aidziwe pamtima monga adziwira Pemphero la Ambuye, koma muwauze kuti si yosewera nayo. Amuna ndi akazi amene amabwera ndi motoka ija ndi anthu ophunzira ntchito yawo, sukulu yawo ili ku Kabwe. Ndipo mzinda umene ayenera kuteteza unali ndi anthu opitirira 2 miliyoni pa kalembera wa 2022, ambiri mwa iwo m'makomboni.

Manje werengani nthawi. Moto wayamba. Mphindi zoyamba zimapita tikukuwa, tikuthamanga ndi mabaketi, ena akujambula ndi foni, aliyense akuganiza kuti mnzake waimba kale. Wina akumbukira kuimba. Motoka inyamuka, ilowa mu Lumumba Road kapena Los Angeles Road nthawi imene mabasi atsekeratu, ndipo madalaivala ena safuna kupatuka olo sayirini ilire bwanji. Ifika m'komboni. Nyumba zambiri zilibe nambala yooneka, tinjira tilibe maina. Woimba uja anangoti, "Pafupi na kantemba ka blue, kumbuyo kwa bar." Tuntemba twa blue tuli tungati ku Kanyama? Pamene akufunsa njira, matilesi agwira kale. Chipinda chimodzi chokhala ndi matilesi a siponji, zovala ndi mapulasitiki sichifuna ola kuti chithe. Mphindi zochepa zikwana.

Nanga za madzi? Thanki ya motoka yozimitsa moto imanyamula malita masauzande ochepa chabe, ndipo pampu yake ikatsegulidwa mwamphamvu madziwo amatha msanga maningi. Motokayo inapangidwa kuti madzi a m'thanki ayambe chabe ntchito, kenako ilumikizidwe ku hydrant, pompi yaikulu ya mumsewu imene imatenga madzi ku mapaipi a Lusaka Water. Kumene kulibe hydrant, kapena ilipo koma ndi youma, kapena wina anaikwirira pomanga, motoka iyenera kubwerera kukatunga. Ife tikaiona ikutembenuka timati anabwera opanda madzi, ndipo achinyamata ena amatola miyala. Abale, kugenda wozimitsa moto n'kugenda munthu amene walowa mu utsi umene tonse tathawa. Galasi la motoka likasweka lero, mawa nyumba ya wogendayo ikapsa motoka idzakhala ili ku garaji.

Tibwere pa misewu, chifukwa apa mlandu wathu ndi waukulu. Akuluakulu a ku George ndi ku Chawama akumbukira zaka za m'ma 1970. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni amene kale ankatchedwa osaloledwa, ndipo ndi thandizo la World Bank anayamba kuikamo misewu ndi mapaipi a madzi. Anthu eniake anali kuyenda ndi atsogoleri awo kusankha modzera msewu. Amene nyumba yake inagwera mumsewu anali kupatsidwa puloti chapafupi, n'kusamuka. Makolo athu anagwetsa nyumba zawo kuti komboni ikhale ndi njira.

Ife ana awo tachita chiyani ndi njira zimenezo? Uyu wasuntha wall fence mita imodzi kulowa mumsewu. Mnzake waona, wasuntha mita ziwiri. Wina waika kantemba pakona, wina wathira mulu wa miyala ndi mabuloko umene ukhala pamenepo zaka zitatu. Pamene panali kudutsa lole, manje wilibala yokha ndiyo ipita. Nthawi ya mvula ku Kanyama onjezanipo madzi ndi matope. Tsiku la maliro timanyamula bokosi pamapewa mpaka ku msewu waukulu, n'kumati ndi mmene komboni ilili. Motoka yozimitsa moto ndi yaikulu kuposa ya maliro. Amene watseka msewu ndi mpanda wake wamanga denga lopanda kampanda, ndipo amene adzagwe ndi mwana wa neba wa kumapeto kwa njirayo.

Ife a Anglican tili ndi chitsanzo m'mbiri ya mpingo wathu. Pa 2 September 1666 moto unayamba m'nyumba yophikira buledi pa Pudding Lane mu London. Nyumba zinali zamatabwa, zothithikana, tinjira tating'ono ngati twathu. Motowo unayaka masiku anayi, unatentha nyumba zoposa 13,000, matchalitchi 87, ndi St Paul's Cathedral yomwe. Anthu anapemphera, inde, ndipo ena anathamangira kunamizira alendo. Koma pomanganso anaika lamulo loti nyumba zikhale za njerwa kapena miyala, ndipo misewu ina anaikulitsa. Moto sunalambalale matchalitchi poti ndi nyumba za Mulungu. Ukafika pa denga lathu la St uje sudzafunsa kuti muno mumapemphera ndani.

Tilowe m'nyumba tsopano.

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika September chaka chimenecho malo ambiri malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku. Load shedding inatiphunzitsa makhalidwe amene akhalabe nafe, ndipo ena mwa iwo ndi akupha.

Choyamba ndi kandulo. Timaidontheza pa tebulo, pa TV, pa mpando wa pulasitiki, ngakhale pa mutu wa bedi. Tulo sitipempha chilolezo. Kandulo ikafika pansi imayatsa chimene yakhalapo. Ngati mulibe china, iikeni m'mbale yachitsulo kapena m'kachitini kokhala ndi mchenga, pansi pa simenti, kutali ndi katani ndi neti ya udzudzu, ndipo wotsiriza kugona aizime. Koma kunena zoona, kanyali ka solar kapena tochi yotchaja mtengo wake ubwerera mukawerenga makandulo a miyezi iwiri kapena itatu. Timachita chilimba cha mapoto ndi cha zitenje. Chilimba cha nyali chalakwa chiyani?

Chachiwiri ndi malaiti obwera tili kwina. Munali kuphika pa two plate, malaiti apita, mwasamukira pa mbaula, sitovu mwaisiya yotsegula. Kapena nsimbi yatsala pa bedi, kapena kaheater kali m'baketi. ZESCO ibweza malaiti pa 02, kapena masana muli ku maketi. Lamulo likhale limodzi m'nyumba: malaiti akapita, zimani zonse pa khoma nthawi yomweyo, ngati kuti alipo.

Chachitatu ndi mawaya. Adaputa imodzi yanyamula firiji, sitovu, TV ndi mafoni asanu. Waya wopyapyala wa wailesi ndi umene ukupereka malaiti ku nyumba ya kumbuyo, wodutsa pansi pa malata, wolumikizidwa ndi pulasitiki ya buledi. Waya ukanyamula katundu woposa mphamvu yake umatentha, chikopa chake chimasungunuka, ndipo moto umayambira m'denga kapena kuseri kwa kabati kumene simuona. Soketi ikada, ikamanunkha ngati tayala, kapena breaker ikamagwa kawirikawiri, nyumba ikukuchenjezani. Breaker imagwa kuti ikupulumutseni. Amene aimanga ndi waya kuti isagwenso wachotsa mlonda pa geti. Itanani munthu wodziwa ntchito ya magetsi, osati mphwanu amene anangoonerera. Ndi mabatire a solar ndi ma inverter chimodzimodzi: asakhale pansi pa bedi kapena pa mulu wa zovala, ndipo foni isatchajidwe pansi pa pilo.

Chachinayi ndi mbaula. Mwezi wa June ndi July mphepo ikavuta timailowetsa m'nyumba, n'kutseka zitseko ndi mawindo. Malasha akamayaka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka, ndipo sumudzutsa munthu. Umayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire ndi tulo, kenako munthu sauka. Banja lonse lingapezeke m'mawa litagona bwinobwino m'mabulangeti, popanda chopsa chilichonse, ndipo achibale amayamba kulozana zala za ufiti. Othani moto, koma mbaula igone panja. Olo malasha aoneke ngati azima, atulutseni.

Chachisanu ndi petulo ndi gasi. Amene muli ndi genset, chigubu cha petulo chisagone m'nyumba imene muli mbaula, ndipo musathire petulo injini ikuyaka kapena ikali yotentha. Amene mwasamukira ku gasi, mukamva fungo lake musayatse machisi, musakhudze switch ya malaiti. Tsekani pa silinda, tsegulani zitseko ndi mawindo, tulukani.

Chachisanu ndi chimodzi ndicho chimandilemera kwambiri: maloko. Nyumba zathu tazisandutsa makola achitsulo. Windo lililonse lili ndi burglar bar yowotcherera, pakhomo pali chitseko ndi grill door, maloko awiri kapena atatu, ndipo kiyi ili m'chikwama chimene chili penapake mumdima. Utsi ukadzaza m'chipinda simuona olo dzanja lanu. Anthu ambiri amene amafa pa moto amaphedwa ndi utsi malawi asanawafike. Ku Johannesburg pa 31 August 2023 nyumba yosanja ya Usindiso inapsa usiku, anthu 76 anafa, pakati pawo abale athu ochokera ku Malawi, ndipo ena anapezeka ataunjikana pa geti yokhoma. Chitsulo chimene chimaletsa kawalala kulowa chimaletsanso mwana wanu kutuluka.

Ndikudziwa zimene ena mukuyankha mumtima. "Ba Reader, mukamba monga simuziba umoyo wa mu komboni." Ndiudziwa. Mayi amene alera yekha ana atatu ayenera kunyamuka pa 04 kukaoda ku Soweto, apo ayi tomato wabwino atha, ndipo tsikulo ana sadya. Akasiya chitseko chosakhoma, akawalala ndi ma junkie alowa, ndipo pali zoopsa zina zimene zingagwere mwana wamkazi. Akakhoma, watsekera ana. Iye sanasankhe kuti malaiti azipita, sanasankhe kukhala m'chipinda chimodzi chimene ndi khitchini, chogona ndi sitolo ya katundu wa pa maketi. Kumuuza mayi ameneyu kuti asamale, n'kumusiya yekha, ndi ulaliki wotchipa.

N'chifukwa chake ndikuti nkhaniyi ndi ya chikondi cha pa mnansi, yoposa nzeru za munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Pa mdadada pamene pali mabanja asanu ndi limodzi, sipangalephere kupezeka munthu wamkulu mmodzi amene ali pakhomo m'mawa. Musiyireni kiyi, ndipo adziwe kuti m'nyumba muli ana angati. Ngati mumakongozana mchere ndi malasha, kiyi ikuvutani bwanji? Usiku kiyi ikhale pa msomali umodzi womwewo pafupi ndi chitseko, poti aliyense angaipeze ndi dzanja mumdima. Machisi akhale pamwamba pamene mwana safika. Ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri asasiyidwe ndi udindo wa mbaula ndi khanda nthawi imodzi.

Inu ma landilodi, ambiri muli m'mipingo yathu, ena ndinu ma churchwarden ndi akuluakulu a kwaya. Vesi la lero likukamba ndi inu poyamba, chifukwa womanga nyumba ndinu. Pa 1 mumafika msanga kudzatenga lendi. Kodi munabwerapo kudzaona mawaya? Mita imodzi ikudyetsa mabanja angati? Uzani wowotcherera akonze windo limodzi pa nyumba iliyonse kuti burglar bar yake izitseguka kuchokera mkati. Mtengo wake sufika pa mtengo wa bokosi la maliro. Chakhumi chimene mumabweretsa pa guwa chichokera m'zipinda zimenezo, ndipo Mulungu amene alandira chakhumicho ndi yemweyo analemba za kampanda.

Anzanga a pa maketi, nafenso tili ndi denga lathu. Mabelo a salaula, mapulasitiki, makatoni, mafuta ophikira ndi matabwa a matebulo, zonsezi ndi nkhuni zodikira machisi. Amayi a malesitilanti, phulusa la mbaula lithiridwe madzi musanaweluke, lisatayidwe pa mulu wa zinyalala likali ndi moto. A barbershop ndi otchaja mafoni, waya wokoka kuchokera kwa neba wodutsa pamwamba pa katundu wa anthu makumi awiri ndi mlandu umene ukudikira tsiku lake. Njira za pakati pa matebulo zisadzazidwe ndi masaka. Makomiti a maketi, m'malo mokangana za malo okha, funsani kuti extinguisher ili kuti, inayesedwa liti, ndani adziwa kuigwiritsa ntchito, ndipo mlonda wa usiku ali ndi kiyi ya geti ndi foni yokhala ndi moto kapena ayi. Ndalama za bizinesi zisagone m'kantemba. NRC, makhadi a ku kiliniki, masatifiketi a ana ndi mapepala a nyumba zikhale m'chikwama chimodzi chimene mungatole pothawa.

Moto ukabuka, dongosolo ndi ili. Kuwani, tulutsani anthu, muwawerenge. Munthu mmodzi aimbe 993 nthawi yomweyo, osadikira kuti tione ngati tiukwanitsa tokha. Atchule komboni, msewu waukulu, ndi chizindikiro chodziwika monga sukulu, kiliniki, tchalitchi kapena police post, ndipo mnyamata mmodzi akaime pa msewu waukulu kudikira motoka kuti ailondolere. Ngati mungafike pa main switch bwinobwino, zimani malaiti, chifukwa madzi pa waya wamoyo amapha wothirayo. Mafuta akagwira moto m'poto musathire madzi, amalumpha n'kukupsereza nkhope. Vundikirani ndi chivundikiro, zimani sitovu. Petulo amafuna mchenga kapena dothi. Mu utsi yendani chokwawa, mpweya wabwino uli pansi. Zovala zikagwira moto musathamange, gonani pansi mugubuduke, kapena wina akufunditseni bulangeti. Ndipo mukatuluka mwatuluka. TV ndi matilesi zili ndi sitolo, inu mulibe.

Wopsa muthireni madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Colgate ayi, dzira ayi, saladi ayi, phulusa ayi. Zimenezo zimasunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo pa chilonda. Musaboole matuza, musamatule nsalu imene yamatirira pa khungu. Phimbani ndi nsalu yoyera, thamangani naye ku chipatala. Ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama zipatala zilipo pafupi, ndipo zikakula amatumiza ku UTH. Mwana akapsa, olo chilonda chioneke chaching'ono, aonedwe ndi a chipatala.

Tsono tibwerere kwa akuluakulu, titasesa pakhomo pathu. CDF inali K1.6 miliyoni pa constituency mu 2021. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni. Zochita ndi ndalamazi zimayambira ku Ward Development Committee, kumene anthu a m'dera amapereka zofuna zawo. Ndi angati mwa ife anapitako kukakamba za moto? Tipite tikafunse zinthu zooneka ndi maso. Hydrant yapafupi ndi maketi yathu ili pati, ndipo ituluka madzi? Ndi njira ziti m'wadi yathu zimene motoka yaikulu iyenera kudutsa, ndipo ndani adzauza amene anazitseka kuti asunthe, olo akhale wa chipani? Nyumba zidzalembedwa liti manambala? A DMMU akabwera ndi mabulangeti ndi matumba a ufa nyumba zitapsa timathokoza, koma bulangeti silibweza mwana.

Mpingo nawo uli ndi gawo. Ba Father ndi komiti ya parishi angalembe kalata kupempha a Fire Brigade kuti abwere Sabata lina Misa itatha, atiphunzitse ndi kutionetsa kagwiridwe ka extinguisher. Ba Mothers' Union, mukamayendera odwala m'masekishoni, yang'ananinso pamene kandulo ya agogo ikhala. Achinyamata ndi ma server, yendani m'njira za kwanu, mudziwe nyumba zimene muli okalamba, olumala ndi ana otsala okha. Ma churchwarden, tchalitchi chikadzaza pa Isitala ndi pa Khirisimasi zitseko zonse zikhale zosakhoma, mabenchi asatseke njira. M'buku la Nehemiya anthu pomanga linga la Yerusalemu ambiri anakonza gawo loyang'anana ndi nyumba zawo, ndipo adani ataopseza anachita ziwiri pamodzi, kupemphera ndi kuika alonda.

Makolo anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. M'komboni mmene khoma langa ndi khoma lako, ndevu zathu ndi zolukana. Ndiye ntchito ya lero ndi yaing'ono. Musanagone, sungani 993 mu foni, khomani msomali wa kiyi, gwirani soketi iliyonse mumve ngati ikutentha, tulutsani mbaula, ndipo mugogode kwa neba mukambirane za ana a m'mawa. Amene muli ndi mpanda kapena miyala mumsewu, mukudziwa chochita.

Tipemphere. Mulungu Atate, munatipatsa moto kuti tiphikire ndi kuotha. Tipatseni mtima wosamala moyo wa mnansi monga tisamalira katundu wathu. Tetezani amuna ndi akazi ozimitsa moto pamene alowa m'malo oopsa chifukwa cha ife. Tonthozani mabanja amene anataya ana, nyumba ndi malonda. Apatseni atsogoleri athu mantha a Inu pogwira ndalama za anthu. Ndipo ife mutidzutse tikali ndi nthawi yokonza. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Muyende bwino ku malonda. Amene neba wanu sawerenga, mufotokozereni ndi pakamwa madzulo ano.